Loweruka la a Phee

Kuseri kwa chipatala, mukadutsa khitchini ndi malo amene amaimikapo maambulansi owonongeka, pali nyumba yaitali ya mawindo a m'mwamba. Mmenemo ndi mochapira. Odwala sakudziwako, ndipo madokotala amakumbukira kuti kuli anthu tsiku lokhalo limene nsalu zoyera zachedwa kufika. A Phee anagwira ntchito mmenemo kuyambira ali mayi wa mwana wamng'ono mpaka imvi zitayamba kutulukira m'mphepete mwa mpango wawo.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa ankatha kugwira m'mawa wonse osatulutsa liwu. Sikunali kunyada ayi. Anakulira m'nyumba ya bambo wosoka nsapato, munthu wosalankhulalankhula, amene ankasunga Sabata. Lachisanu dzuwa likapendeka, bamboyo ankapukuta zida zake, kuzikulunga m'chiguduli, n'kuzilowetsa kunsi kwa bedi. Kasitomala akabwera Loweruka ndi nsapato yong'ambika, ankamupatsa mpando ndi madzi akumwa, koma nsapatoyo inkadikira. A Phee anakula akudziwa kuti kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka, manja a munthu sakhala ake.

Anakwatiwa, anabereka mwana mmodzi wamkazi, ndipo mwamuna wawo anamwalira mwanayo asanamalize pulayimale. Ntchito ya mochapira ndi imene inamulera mwanayo mpaka anakwatiwa n'kupita kutali ndi mwamuna wake. A Phee anatsala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa shopu ya zitsulo. Munali bedi, mipando iwiri, ndi mbaula. Mpando wachiwiriwo nthawi zambiri unkangosunga zovala.

Nsalu ya pabedi la m'chipatala ndi yaikulu, sipindika bwino ndi munthu mmodzi. Pamafunika awiri. Aliyense amagwira nsonga ziwiri, n'kubwerera m'mbuyo mpaka nsalu itakungika, kenako amaikutumula kamodzi, n'kuyenderana mpaka manja atakumana. Mmodzi amalandira nsonga zonse, winayo amawerama kutola m'munsi. Anthu awiri akazolowerana sayang'ananso nsaluyo. Manja amadziwana okha.

Mnzawo wopinda naye anali a Wailesi, mayi wamkulupo pang'ono, wa thupi, wa mawondo otupa, amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale makina onse akulira.

"Koka, mayi iwe, koka! Ukuigwira ngati ndi mkono wa chibwenzi."

"Ndikukoka."

"Aa! Anthuni, zimitsani makina, Phee walankhula!"

A Phee ankangomwetulira n'kuwerama. Pa awiriwa, wowerama anali iwo nthawi zonse, chifukwa cha mawondo a mnzawo. Nkhani imeneyi sanaikambiranepo.

Chipatala sichitseka, choncho kumapeto kwa mlungu anthu a mochapira ankabwera mosinthanasinthana, ena Loweruka, ena Lamlungu. Loweruka likagwera a Phee, m'malo mwawo ankabwera a Wailesi, kuti a Phee apite kutchalitchi. Lamlungu likagwera a Wailesi, m'malo mwawo ankabwera a Phee. Poyang'ana patali zinkaoneka zofanana, koma sizinali choncho. Loweruka ndi tsiku limene mawodi onse amasintha zoyala, ndipo zikuku za nsalu zakuda zimabwera zodzaza mpaka kusefukira, pamene Lamlungu ntchito imakhala yochepa. Loweruka ndi tsikunso la maukwati, la kumsika, la kukaona abale. A Wailesi anaphonya zambiri zoterezi. Lolemba m'mawa a Phee ankawafulira tiyi m'kapu yawo yaikulu yobenthuka, n'kuwaikira pafupi, n'kunena kuti, "Zikomo."

"Zikomo yekhayo? Unandipemphererako kumeneko? Unatchula mawondo?"

"Ndinatchula."

"Onse awiri? Chifukwa lakumanzereli silinamve."

Kapitawo wakale ankadziwa zonsezi koma ankayang'ana kumbali. Atapuma ntchito, kunabwera wina wachinyamata, wa malaya ositidwa bwino, wokonda dongosolo. Sanali munthu woipa. Anangopeza kuti tsiku lina mochapira simunabwere aliyense chifukwa wina ankayesa kuti wasinthana ndi wina, ndipo wodi ya amayi oyembekezera inagona pa mapulasitiki. Anasonkhanitsa onse n'kunena kuti kusinthana masiku kwatha, ndipo wopezeka akugwirira mnzake ntchito mobisa adzalangidwa.

A Wailesi anapitiriza kubwera Loweruka mwakachetechete, popeza kapitawo sankafika kumapeto kwa mlungu. Koma iwo anali atachenjezedwa kale komaliza, chifukwa choyankhana ndi namwino wamkulu pa nkhani ya matawulo. Kulakwa kwina kulikonse kukanawatulutsa pageti, zaka zopuma ntchito zili pafupi.

Loweruka lina a Wailesi anapita ku maliro a mlamu wawo. A Phee anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, mtima uli m'mwamba, ndipo malo awo anakhala opanda munthu. Lolemba kapitawo anawaitana.

"Mayi, Loweruka munali kuti?"

"Kutchalitchi, bwana. Loweruka sindigwira ntchito."

"Simugwira? Nanga miyezi yonseyi?"

A Phee anayang'ana pansi.

"Mayi, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma odwala sadwala masiku osankha. Zikachitikanso, tidzasiyana."

Madzulo ake anaimbira foni mwana wawo. Anayankha ndi mkamwini, amene amagwira ntchito m'maofesi ndipo amakonda kufotokoza zinthu. Anawauza kuti nkhani zotere zili ndi kokazitula, kuti olemba ntchito amayenera kuyesa kupeza njira yoti munthu asunge chikhulupiriro chake ngati ntchitoyo singaonongeke nazo. "Pitani ku leba, amayi, ku ofesi ya boma yoona za antchito. Musaope. Simukupempha chifundo, ndi ufulu wanu."

A Phee sanagone bwino. Moyo wawo wonse sanasumirepo munthu. Koma anapita, ndipo tsiku lokamva nkhaniyo linafika.

Kanali kachipinda kakang'ono ka tebulo limodzi ndi fani yosazungulira. Kutsogolo kunakhala mayi wa ku leba, wa magalasi, wolankhula mofatsa. Mbali ina kunakhala kapitawo, cholembera chili m'manja. A Wailesi anawaperekeza. Anavala diresi lawo labwino la maluwa, n'kukhala pa benchi ya kumbuyo chikwama chili pamiyendo.

Mayi wa ku leba anafunsa za tchalitchi, za Sabata, za zaka zimene a Phee agwira ntchito. Kenako anavula magalasi.

"Ndithandizeni apa, mayi. Zaka zonsezi simunagwirepo Loweruka, komanso simunachotsedwe. Zinkatheka bwanji? Alipo amene ankakuthandizani?"

A Phee anamva benchi ya kumbuyo ikulira, kusonyeza kuti mnzawo wasendera kutsogolo. Anaonanso cholembera cha kapitawo chitaima pamwamba pa pepala. Akatchula dzina, ndiye kuti a Wailesi apita. Bodza sakanatha kunena. Anafunafuna mawu oona amene sakanapweteka munthu, ndipo anawapeza.

"Mulungu ankandithandiza."

Mayi wa ku leba anagwedeza mutu mwaulemu n'kupitiriza. Benchi ya kumbuyo sinalirenso.

Nkhani inatha bwino, monga anthu amanenera. Anagwirizana kuti a Phee asamaikidwenso Loweruka, ndipo Lachisanu aziweruka dzuwa lisanalowe. M'malo mwake azibwera Lamlungu lililonse. Kapitawo anavomera mosavuta, anachita kuwagwira chanza. Potuluka a Phee anayang'ana mnzawo, koma a Wailesi anali atatsogola kale, akuyenda motsimphina kulowera kokwerera basi.

M'mawa mwake a Phee anafula tiyi m'kapu yobenthuka ija. A Wailesi anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali.

"Ndifunse nawo, mayi. Mulungu wanu uja, ali ndi mawondo otupa ngati angawa?"

Makina anali asanayatsidwe, ndipo onse anamva. Ena anaseka, ena anatembenukira ku zikuku. A Phee anatsegula pakamwa, koma kapitawo anali ataima pakhomo akugawa sopo. A Phee anatsekanso pakamwapo.

"Zikomo tiyi," anatero a Wailesi. "Musamavutike."

Chiyambire kudziwana, a Wailesi anali asanawatchulepo kuti inu.

Kapitawo, pokonza masiku atsopano, anaona zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pali munthu wobwera Lamlungu lililonse, safunikanso wachiwiri, chifukwa ntchito ya tsikulo ndi yochepa. Chachiwiri, anthu opinda limodzi ayenera kukhala a masiku ofanana, ndipo masiku a a Phee sankafanananso ndi a wina aliyense. Choncho anawasamutsira ku chipinda cha mkati, ku makina ositira, kumene munthu amagwira yekha, kulowetsa nsalu uku n'kukailandira uko. A Wailesi anapatsidwa mnzawo wina. Enawo anasangalala kuti Lamlungu lawachoka, koma atazindikira kuti Loweruka lizibwera pafupipafupi, anayamba kuwatchula a Phee kuti "mayi a lamulo". Sankanena mwaukali. Ankangonena, monga mmene anthu amatchulira munthu wa ku ofesi ina.

Kutchalitchi nkhani inafika iwo asanaifikitse. Mkulu wa mpingo anawaimiritsa kutsogolo kuti anthu aone mayi amene anaima nji pa Sabata mpaka akuluakulu anagonja. Mpingo unati amen. Atsikana a kwaya anawakumbatira pakhomo, ndipo mmodzi, amene ankaphunzira unamwino, anati tsopano sakuopanso. A Phee anamusisita pamutu, ndipo anakondwera nayedi. Koma pobwerera kunyumba anayenda ngati munthu amene wavala nsapato za mwini wake.

Lamlungu mochapira mumakhala zii. A Phee ankatsegula okha chitseko chachitsulo, kuyatsa makina amodzi, n'kumva madzi akudzaza. Kuchokera ku mawodi kunkamveka nyimbo za magulu obwera kudzapempherera odwala, koma mphepo inkazibweretsa zodukaduka. Nsalu zikauma, pankafunika kupinda. Poyamba ankayesa kutambasula manja mpaka mapewa kuwawa, koma m'munsi munkakhudza pansi, ndipo nsalu ya m'chipatala ikakhudza pansi imabwerera m'madzi. Kenako anaphunzira kupanikiza nsonga ziwiri pa chitseko cha kabati, n'kubwerera m'mbuyo, n'kukoka pang'onopang'ono. Akakoka kwambiri, kabati inkatseguka. Akakoka mofooka, nsalu inkapindika mokhota. Ankaigwira ndi chibwano, ndi mano, ndi chigongono, mpaka mulu utatha.

Za ku wodi ya ana ankazisiya kumapeto. Zimenezo ndi zazing'ono, munthu mmodzi amazikwanitsa. Ankazipinda pa tebulo mosafulumira, kuzisalaza ndi chikhatho, ndipo akapeza kabowo ankakasoka, ngakhale sinali ntchito yawo. Nthawi zina m'thumba la kagauni ankapezamo chotsekera botolo kapena kamwala kosalala, chuma cha mwana wina. Ankazitsuka n'kuziika pawindo, kuti mwina wina adzazifunsa.

Masana ankakhala pa tebulo la tiyi, makapu a anzawo atapachikidwa pa misomali kutsogolo kwawo. Ankadya buledi wawo n'kutsuka kapu imodzi.

Masiku enawo ankamva mawu a a Wailesi kudzera pakhoma, akuseka, akunyoza mnzawo watsopano kuti ali ndi manja a nthochi. Akakumana pampopi ankapatsana moni wathunthu, wa anthu olemekezana. A Phee ankakonza mawu usiku, kuwabwereza m'njira, koma akafika pamaso pa mnzawo pankakhala pali anthu, kapena makina akulira, kapena mawuwo ankangouma. Tsiku lililonse lodutsa linkawonjezera kulemera kwake. Mvula inabwera n'kupita, ndipo nkhaniyo inakhala ngati chilema chimene munthu wazolowera kuyenda nacho.

Ndiye kunamveka kuti a Wailesi akupuma ntchito. Mwana wawo wamwamuna anawamangira chipinda kumene amakhala, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo ankanyamuka Lamlungu m'mawa. Anzawo anakonza zotsanzikana Loweruka masana, pabwalo loyanikira, chifukwa ndi tsiku limene ambiri amakhalapo.

Lachisanu, a Phee akuvala juzi kuti aziweruka, mayi wina anawafunsa, "Mawa mubwera, eti?"

Anayankha ndi a Wailesi, osatembenuka. "Musawavutitse. Lamulo siliwalola."

Loweruka limenelo a Phee sanamve ulaliki. Anadzifunsa ngati kupita kukatsanzika mnzako ndi ntchito. Si ntchito. Koma kunali kuntchito, kunali zoimbira ndi magule, ndipo kapitawo, amene anaitanidwanso, akanawaona atalowa pageti tsiku limene ananena pamaso pa boma kuti sangalowe. Kuposa zonsezo, miyendo yawo sinkadziwa njira imeneyo pa tsiku limeneli. Anakhala. Mapemphero a masana anawathera atakhala pafupi ndi windo, akuyang'ana mthunzi wa mpanda ukukwawa pabwalo. Dzuwa litangobisika kuseri kwa madenga ndipo amen womaliza atanenedwa, anatuluka osagwira munthu chanza. Anayenda mothamanga, Baibulo lili kukhwapa, mpaka mpweya unayamba kuwathera.

Pabwalo loyanikira anapeza mipando itasanjikizidwa kale, ndi mabotolo opanda kanthu m'kireti. Anaima pamenepo kanthawi. Pobwerera, anaona munthu atakhala pa benchi ya alonda pafupi ndi geti, miyendo itatambasulidwa. Pambali pake panali mphatso zotsanzikira: beseni lalikulu latsopano, mkati mwake muli bulangeti ndi wotchi ya pakhoma yokulungidwa m'pepala lowala.

"Mwachedwa, mayi," anatero a Wailesi. "Zakumwa zatha."

"Dzuwa linachedwa kulowa."

"Lero ndiye linachita kuima dala. Ndaliyang'ana ine mpaka maso kuwawa."

"Mukudikira galimoto?"

"Eya. Zadutsa zingapo, koma zonse zodzaza."

Mlonda anatsokomola n'kulowa m'kanyumba kake.

A Phee ananyamula beseni mbali imodzi, a Wailesi mbali ina, ndipo anauyamba wa kusiteji pang'onopang'ono, chifukwa cha mawondo. Magetsi a m'mashopu anali akuyaka. Anadutsa ogulitsa malasha ndi okonza njinga osalankhula. Aka kanali koyamba kuti a Wailesi ayende mtunda wotero ali chete, ndipo a Phee anachita mantha.

"A Wailesi, tsiku lija ku leba..."

"Ndikudziwa."

"Kapitawo anali..."

"Ndati ndikudziwa! Ukundiyesa mwana? Ndinachiona cholembera chake. Ukananditchula, bwenzi lero kulibe beseni, kulibe wotchi, kulibe chilichonse."

A Phee anaima, beseni n'kupendekeka. "Nanga bwanji..."

"Nanga kudziwa kumaletsa kupweteka? Ndinavala diresi langa labwino, Phee. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha wa boma amve kuti ine ndinalipo. Chabwino, pamenepo sizikanatheka. Koma madzulo ake? Mawa lake? Kwathu umakudziwa. Ndinasesa, ndinagula shuga. Iwe phee. Mwezi unatha, iwe phee. Ndinati kapena mayiyu akukhulupiriradi kuti ankatsika ndi angelo kudzachapa matewera."

"Munali inu," anatero a Phee. Mawu anatuluka aang'ono. "Masiku onse aja munali inu."

"Ukuuza ine? Ine ndikudziwa kale. Yenda, beseni likulemera."

Pasiteji panali minibasi yotsala anthu ochepa kuti idzaze. Kondakitala analanda beseni n'kulikankhira kunsi kwa mpando, ndipo a Wailesi anakwera movutikira n'kukhala pafupi ndi khomo. Mkati munali amayi ochokera kumsika, bambo wina wogona, ndi atsikana awiri oyang'ana foni imodzi. A Phee anaima panja atagwira chitseko. Kondakitala anati, "Mukukwera, amayi, kapena mukuperekeza?"

A Phee anawerama. Analowetsa mutu m'galimotomo, n'kulankhula mokweza kuposa mmene analankhulirapo chibadwire.

"Pepani nonse. Mayi awa anandigwirira ntchito Loweruka zaka zambirimbiri kuti ine ndizipita kutchalitchi. Anaphonya maukwati a abale awo. Mawondo awa anatupira ine. Sindinanene pamene ndinayenera kunena."

Bambo wogona uja anadzuka n'kufunsa ngati afika. Atsikana aja anayang'anana n'kubisa kuseka m'manja. Mayi wina wa dengu la tomato anati, "Ambuye awadalitse," ndipo kondakitala anati, "Tamva, amayi, tamva. Tsopano chitsekocho."

A Wailesi anali ataphimba nkhope ndi mpango, mapewa akugwedezeka, ndipo sizinkadziwika ngati akuseka kapena akulira.

"Wandichititsa manyazi, mfiti iwe," anatero. "Zaka zonsezi osalankhula, lero wasankha mu minibasi! Pita, kwada. Mawa uli ndi ntchito."

"Mukafike bwino."

"Uziwerama ndi mawondo, osati msana. Wamva? Palibe amene adzakuuzenso."

Chitseko chinatsekedwa. Minibasi inalowa mumsewu, ndipo dzanja lonenepa linatulukira pawindo n'kugwedezeka mpaka pokhota.

A Phee anakhalabe pasitejipo mpaka minibasi ina itabwera kudzaima pamalo omwewo. Kondakitala wake anawafunsa kumene akupita, ndipo iwo anapukusa mutu. Anabwerera wapansi kudzera njira ya kumsika. Atafika m'chipinda chawo anayatsa mbaula, n'kutereka madzi, n'kusita yunifolomu ya mawa. Kenako anakhala pansi kudikira kuti madzi awire.